Pulogalamu ikati "laisensi yatha": mmene kiyi wa masiku owerengeka amagwirira ntchito

M'tauni ya Mangochi ndi m'mbali mwa nyanja monsemu, kuchokera ku Makawa kukafika ku Monkey Bay, mabizinesi ambiri amene kale ankadalira kope la chikuto cholimba ali ndi kompyuta pakauntala masiku ano. Mwini loji akufuna adziwe chipinda chomwe muli mlendo ndi chomwe mulibe munthu. Sukulu yoyima payokha ikufuna kudziwa ana amene amaliza fizi. Wogulitsa feteleza ndi mbewu ku Namwera akufuna kudziwa matumba amene atsala asanapite kukaoda ena. Mapulogalamu akuluakulu akunja alipo, koma amafuna madola, komanso sadziwa zoti kuno kholo limapereka fizi moduladula, ina pa Airtel Money, ina pa Mpamba, yotsalayo likagulitsa usipa. Choncho ntchitoyi imagwera achinyamata athu omwe anaphunzira kulemba mapulogalamu, amene amapangira bizinesi iliyonse pulogalamu yakeyake.

Chovuta n'chakuti pulogalamu ikangolowa m'kompyuta ya munthu, yachoka m'manja mwa woipanga. Kasitomala walipira theka, theka linalo azingoti, "Mwezi uno ukatha, achimwene, musadandaule." Kenako mlamu wake wa shopu ya ku Chiponde wabwera ndi fulashi, wakopera, nayenso wayamba kudinda malisiti osapereka ngakhale tambala. Poti kukopera sikuchotsa kalikonse pa kompyuta yoyamba ija, palibe amene amadziona ngati waba. Apa m'pamene opanga mapulogalamu amaika kiyi wa laisensi wokhala ndi tsiku lothera: ukalipira umalandira kiyi, pulogalamu n'kumagwira ntchito mpaka tsiku lakutilakuti, likadutsa imafuna kiyi wina. Kuti zimenezi zitheke, pulogalamu iyenera kudziyankhira yokha mafunso atatu mwini wake ali kutali. Kodi kiyiyu ndi weniweni? Kodi ndi wa kompyuta ino? Nanga lero ndi tsiku lanji? Lachitatuli limaoneka lachibwana, koma ndi limene limasowetsa anthu tulo.

Aliyense amene anagulapo mayunitsi a ESCOM akudziwa kale theka la nkhaniyi. Manambala 20 aja si ongolota. Mkati mwake mwabisika kuchuluka kwa mayunitsi ndi nthawi imene tokeniyo inagulidwa, ndipo anakonzedwa moti mita imodzi yokha ndiyo ingawamasulire. N'chifukwa chake tokeni yanu singalowe pa mita ya aneba, komanso mita imakana mukailowetsa kachiwiri, poti imakumbukira zomwe inalandira kale. Zonsezi mita imachita popanda intaneti. Kiyi wa pulogalamu amayendera nzeru yomweyi, kungoti m'malo mwa mayunitsi amanyamula masiku.

Pa funso loyamba lija, loti kiyi ndi weniweni kapena ayi, njira imene ambiri amayambira ndi yachidule. Wopanga pulogalamu amasankha mawu achinsinsi, n'kuwasakaniza mwamasamu ndi dzina la kasitomala komanso tsiku lothera, potuluka pake ndi manambala ochepa oti munthu angalandire pa meseji n'kutayipa pamanja. Pulogalamu nayo imachita masamu omwewo n'kufananitsa, zikafanana imatsekula. Kuipa kwake n'kwakuti mawu achinsinsi aja ayenera kukhala mkati mwa pulogalamu yomwe ili pa kompyuta ya kasitomala. Wodziwa kufukula mkati mwa pulogalamu akawapeza ndiye kuti zatha, azidzipangira makiyi mmene akufunira, mwinanso kumagulitsa kwa ena. Timapulogalamu ta keygen tomwe tinkabwera limodzi ndi mapulogalamu obedwa tinkabadwa motere. Ochenjera amachepetsa ngoziyi popatsa kompyuta iliyonse chinsinsi chakechake, kuti wofukula akapeza cha pa loji imodzi asatsekulire nacho za anthu ena.

Njira yolimba inachokera ku masamu amene anatulukira poyera m'zaka za m'ma 1970. Mu 1976 Whitfield Diffie ndi Martin Hellman anafalitsa ganizo lakuti chinsinsi chitha kugawika pawiri, ndipo mu 1977 Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman a ku MIT anapeza kachitidwe kake, komwe kamadziwika ndi zilembo zoyamba za maina awo, RSA. Pamakhala manambala awiri aataliatali apachibale. Ina ndi yosainira, imeneyi imakhala kwa wopanga pulogalamu yekha. Inayo ndi yotsimikizira, ndipo ndi imene imaikidwa mkati mwa pulogalamu. Ngakhale dziko lonse litaiona palibe chodetsa nkhawa, chifukwa ntchito yake ndi yongonena kuti siginecha iyi ndi yoona kapena yabodza. Payokha singasaine kanthu.

Ndiye laisensi imangokhala kalata wamba yoti aliyense atha kuwerenga: dzina la bizinesi, nambala ya kompyuta, tsiku loyambira, tsiku lothera, anthu angati ololedwa kulowa, mbali ziti za pulogalamu zomwe zalipiridwa, pansi pake siginecha. Kasitomala atha kuitsekula n'kusintha 2026 kukhala 2036 ngati akufuna. Koma akangosintha nambala imodzi, siginecha ija sigwirizananso ndi zolembedwazo, pulogalamu n'kukana. Masiku ano ambiri amakonda njira ya Ed25519, imene Daniel Bernstein ndi anzake anatulutsa mu 2011, poti siginecha yake ndi mabayiti 64 okha (bayiti ndi muyeso wa kukula kwa zosungidwa m'kompyuta) pamene ya RSA yofala ija imafika 256. Komabe mabayiti 64 ukawalemba m'zilembo ndi manambala oti munthu atayipe, n'kupewa zosokoneza monga O ndi 0, zilembo zake zimapitirira 100. Kiyi wa Windows ali ndi zilembo 25 zokha koma anthu amaphonyabe. Choncho kiyi wosainidwa amatumizidwa ngati fayilo pa WhatsApp kapena pa imelo, kapenanso ngati chithunzi cha QR, osati kuwerengerana pafoni netiweki ikuduladula. Kwa amene makasitomala ake ali ndi WhatsApp, ine sindiona chifukwa chosankhira njira ina. Masamu akewo analembedwa kale ndipo amapezeka mwaulere m'zinenero zonse zodziwika zolembera mapulogalamu. Kudzipekera masamu ako obisira zinthu ndiye kolakwika koyamba.

Funso lachiwiri, loti kiyi ndi wa kompyuta iti, ndi limene limaletsa mlamu wa fulashi uja. Pulogalamu imatola zizindikiro za makina amene yakhalamo, monga nambala ya hard disk, ya motherboard, ndi nambala imene Windows imadzipatsa poikidwa, n'kuziphatikiza kukhala nambala imodzi yaifupi. Kasitomala amatumiza nambalayi kwa wopanga pulogalamu, iye n'kuilemba m'laisensi asanasaine. Microsoft inazolowetsa anthu wamba zimenezi ndi Windows XP mu 2001. Kungoti kuno makompyuta sakhala chimodzimodzi nthawi yaitali. Magetsi abwera mwamphamvu aotcha hard disk, wokonza makompyuta waikamo ina. Mavairasi achuluka, waikamonso Windows yatsopano. Pulogalamu youma mutu imaona ngati yasamutsidwira ku kompyuta yachilendo, n'kutsekera kunja munthu amene analipira chaka chonse. Ndi bwino kuti ikapeza zizindikiro ziwiri mwa zitatu zikufanana izivomera, ndipo mgwirizano uzinena kuti kusamutsa laisensi makina akawonongeka n'kwaulere kangati pachaka.

Tsopano tifike pa za tsiku. Kompyuta yopanda intaneti imadziwa tsiku poyang'ana wotchi yake yamkati, ndipo wotchi imeneyi ili m'manja mwa kasitomala. Laisensi ikamatha pa 31 March, iye angobweza wotchi kufika pa 1 March, pulogalamu n'kumapitiriza ngati palibe chachitika. Mankhwala odziwika ndi oti pulogalamu izilemba pamalo obisika tsiku lomaliza limene inaona, kuti ikadzapeza kuti lero lili kumbuyo kwa dzulo idziwe kuti wina wagwira wotchi. Pulogalamu ya bizinesi ilinso ndi mboni ina yabwino koposa, malisiti ake omwe. Ngati lisiti lomaliza linadindidwa pa 30 March, lero silingakhale pa 1 March. Ndiponso mwini loji amene wabweza wotchi amadzipweteka yekha. Malisiti onse azituluka ndi deti yolakwika, mlendo wobwerera msonkhano sangakabwezeredwe ndalama ku ofesi kwake ndi lisiti lotero, lipoti la pamwezi nalo lisokonekera. Pulogalamu imene imagwiritsa ntchito wotchi imodzimodziyo pa laisensi ndi pa malisiti yadzitchinjiriza kale kuposa imene yangodzaza misampha.

Misamphayo imakola osalakwa kawirikawiri kuposa akuba. Makompyuta ambiri a m'maofesi ang'onoang'ono kuno anagwirapo kale ntchito kunja asanafike m'dziko muno. Mkati mwake muli kabatire kozungulira kaphwatalala, kolembedwa CR2032, komwe kamayendetsa wotchi kompyuta ikazimitsidwa. Kakafooka, magetsi akangothima kompyuta imadzuka ikuganiza kuti ili zaka zambiri m'mbuyo. Ndiye taganizani, mayi wa pa risepushoni watsekula m'mawa, alendo ali pamzere ndi zikwama akufuna kunyamuka, pulogalamu ikumulembera zofiira kuti wasintha tsiku mwachinyengo. Mayiyo sadziwa n'komwe kuti tsiku amasinthira pati. Akuimba foni: "Achimwene, makina anuwa akunditukwana, chonsecho abwana analipira sabata yathayi." Uthenga woyenera pamenepa ndi wongoti tsiku la pa kompyutayi ndi lolakwika, likonzedwe kaye, ndipo likakonzedwa zonse zibwerere mwakale popanda kuimbira aliyense.

Palinso ngozi ina yobisika, ya wotchi yothamangira kutsogolo. Kalaliki pokonza tsiku waphonya, walemba 2035. Pulogalamu yalemba m'malo ake obisika aja kuti tsiku lomaliza limene yaona ndi la mu 2035. Iye wazindikira, wabweza ku chaka choyenera, koma tsopano pulogalamu ikuona ngati wotchi yabwezedwa zaka zambirimbiri ndipo ikhala yotseka mpaka 2035 adzakwanedi. Wopanga pulogalamu amene sanakonzeretu kiyi wapadera wofufutira chikumbumtima cholakwikachi adzakwera minibasi kupita ku Monkey Bay chifukwa cha chala chimodzi chophonya. Walira mvula walira matope.

Nkhani ya nthawi inakolapo ngakhale akatswiri a mamita aja. Tokeni inkawerenga mphindi kuchokera pa 1 January 1993, ndipo malo osungira nambalayo anali oti adzadzaza pa 24 November 2024. N'chifukwa chake makampani a magetsi ndi madzi m'maiko ambiri, makamaka kuno kumwera kwa Africa, anagawira anthu manambala apadera osinthira mita tsikulo lisanafike. Opanga mapulogalamu nawo ali ndi tsiku lawo. Makina ambiri amawerenga masekondi kuchokera pa 1 January 1970, ndipo amene amasunga nambalayo m'malo ochepa a mabiti 32, omwe ndi mabayiti anayi okha, adzasefukira pa 19 January 2038. Wopereka lero kiyi wa zaka 20 wadutsa kale malire amenewo. Tinthu tina ndi ting'onoting'ono koma timayambanitsa anthu. Kompyuta yoikidwa mwachimereka imawerenga 03/04 ngati 4 March pamene ife timati 3 April, choncho m'laisensi tsiku lizilembedwa kuyambira chaka, mwezi, kenako deti. Komanso dziko lathu lili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya UTC, yomwe dziko lonse lapansi limayezerapo nthawi, ndiye mgwirizano ukati "mpaka pa 31", pulogalamu iziwerenga pakati pa usiku wa kuno.

Wina anganene kuti bwanji osangofunsa pa intaneti. Zoonadi, pulogalamu ikamalankhula ndi seva ya mwini wake, kompyuta yake ya pa intaneti yoyankha mapulogalamu a makasitomala, tsiku lenileni limachokera kumeneko, kasitomala akalipira laisensi imadziwonjezera yokha, ndipo kiyi wobedwa atha kuthetsedwa nthawi yomweyo, zomwe sizitheka ndi kiyi wa pa fayilo amene watuluka kale. Koma pulogalamu yofuna intaneti nthawi iliyonse poyatsa ndi yopangira anthu a kwina, osati wa kutsidya ku Makanjira kapena amene bandulo yamuthera pakati pa mwezi. Makampani akuluakulu omwe sachita choncho. Microsoft 365 imangofuna kuti kompyuta ilumikizane ndi intaneti kamodzi pa masiku 30. Windows ya m'mabungwe yotsekulidwa ndi njira ya KMS imapatsidwa masiku 180, n'kumayesa kuwonjezera masiku 7 aliwonse mwakachetechete. Nzeru yake ndi yakuti seva imapereka kiyi wosainidwa wa masiku ochepa, pulogalamu n'kumayenda naye popanda intaneti mpaka itapezanso netiweki.

Pamenepa pali kusiyanitsa kumodzi kofunika kwambiri: seva kukana n'kwina, seva kusayankha n'kwinanso. Seva imalipiridwa ndi madola, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza. Tsiku limene wopanga pulogalamu walephera kulipira seva yake, pulogalamu imene imatenga kusayankha ngati kukana idzatseka makasitomala onse nthawi imodzi, olipira ndi osalipira omwe.

Nanga tsiku lothera likafikadi, pulogalamu ichite chiyani? Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena amene amafuna kuti izingoti gwa, osatsekukanso. Pulogalamuyo ndi ya woipanga, koma zomwe zalembedwamo, maina a alendo, ngongole za makolo, katundu wa m'sitolo, ndi za kasitomala. Kumutsekera zimenezo ndi kumugwira pakhosi ndi chuma chake chomwe. Microsoft 365 ikatha imalolabe munthu kutsekula ndi kupulinta mafayilo ake, imangoletsa kulemba zatsopano. Ndi mmene ziyenera kukhalira kunonso. Pulogalamu iyambe kuchenjeza kudakali milungu iwiri, tsiku likakwana ipereke masiku ena ochepa achisomo, akatha amenewo ileke kulandira zatsopano koma izilola kuwerenga zakale ndi kuzitulutsira mu Excel. Tsiku lotheralo lizisankhidwanso mwanzeru. Laisensi ya loji yothera pa 24 December, alendo a Khirisimasi atadzaza kunyanja, ndi ndewu yochita kuiputa dala. Ndipo pulogalamu ya pa kiliniki kapena mogulitsira mankhwala siyenera kubisa mbiri ya wodwala pa chifukwa chilichonse cha ngongole.

Amene akuganiza zotseka mwadzidzidzi adziwe kuti nkhani yotere inafikapo kukhoti. Mu October 1990 kampani yopanga mapulogalamu ya Logisticon ya ku California inakangana ndi kampani ya zodzoladzola ya Revlon pa za malipiro. Logisticon inalowa m'makompyuta a Revlon kudzera pa lamya n'kuzimitsa pulogalamu yoyendetsera katundu, moti malo awiri akuluakulu otumizira katundu anaima masiku atatu. Revlon inasuma, ndipo mlanduwo unathera kunja kwa khoti. Kuno kwathu lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta ngati ntchito ya mwini wake, ndiye wokopera popanda chilolezo ndi wolakwa. Koma chaka chomwecho kunabweranso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe limaletsa kulowa kapena kusokoneza zinthu za m'kompyuta ya munthu popanda chilolezo. Kiyi wotha ntchito amene kasitomala anauzidwa n'kusainira papepala ndi mgwirizano. Wobisidwa mkati mwakabisira, woti adzaphulike tsiku la mkangano, atha kusandutsa wodandaula kukhala woimbidwa mlandu. Pepala lomwelo lizinenanso poyera ngati kasitomala wagula pulogalamuyo kapena wangobwereka, chifukwa ambiri akapereka ndalama yoyamba ija amakhulupirira ndi mtima wonse kuti agula.

Kutalika kwa kiyi kuzitsata mmene ndalama imalowera kwa kasitomala. Sukulu imapeza ndalama kumayambiriro kwa teremu, ndiye kiyi wa teremu wothera patadutsa milungu ingapo sukulu zitatsekulira amalipiridwa mosavuta kuposa wothera pa holide. Wa bizinesi ya nsomba amauma m'manja nyengo yotseka nyanja. Kwa wopanga pulogalamu, kiyi wa chaka amachepetsa mafoni ndi maulendo, koma ali ndi ngozi yake. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atalandiriratu ndalama ya chaka chonse anapitiriza kulipira seva ndi madola okwera mtengo popanda pokadandaula. Kiyi wa mwezi ndi mwezi amalola kusintha mtengo msanga, koma ndiye kuti mwezi uliwonse pali wina amene waiwala, wina amene fayilo yamusokonekera. Wa miyezi itatu amakhala pakatikati.

Kunena zoona, palibe kiyi amene sangathyoledwe. Masamu a siginecha ndi olimba, koma wothyola salimbana ndi masamu. Amafufuza mzere umodzi umene umati "ngati laisensi ili bwino, tsekula", n'kuusintha kuti uzitsekula nthawi zonse. Mapulogalamu olembedwa m'zinenero za C# kapena Java amamasulika mosavuta kubwerera pafupi ndi mmene analembedwera, a PHP ndi Python ndiye amakhala pambalambanda. Zida zosokoneza kalembedwe kuti kasawerengeke zimangochedwetsa munthu. Komabe mwini loji ya ku Cape Maclear sadzalemba ganyu katswiri wothyola mapulogalamu pofuna kuthawa ndalama yochepa ya pamwezi, makamaka akudziwa kuti zikadzavuta sadzakhala ndi womuimbira. Kiyi amagwira ntchito pa anthu oiwala, ozengereza ndi okopera mwachibale, ndipo amenewa ndiwo ochuluka. Kutha miyezi ukumanga malinga oletsa katswiri amene sadzabwera n'komwe n'kutaya nthawi yomwe ukanakonzera lipoti limene kasitomala wakhala akupempha.

Chotsala ndi chimene achinyamata sakonda kuchiganizira. Nambala yosainira ija ikakhala pa laputopu imodzi yokha, laputopuyo n'kubedwa m'basi, palibenso kiyi watsopano amene angatuluke, ndipo makasitomala onse adzatsekeka mmodzimmodzi masiku awo akamakwana. Ikagwera m'manja mwa wina, iyeyo ndiye wasanduka mwini malaisensi. Iyenera kusungidwa malo awiri kapena atatu, yotsekedwa ndi mawu achinsinsi, osati kutumizirana pa WhatsApp. Kasitomala naye ali ndi funso loyenera kufunsa asanasaine: "Nanga inuyo mukapita ku Joni, kapena Mulungu akakutengani, ife tidzatani?" Makampani akuluakulu amasungitsa source code, zolemba zenizeni zomwe pulogalamu inapangidwira, kwa munthu wachitatu wodalirika, kuti wopanga akasowa kasitomala aitenge. Pa bizinesi yaing'ono, zokwanira ndi kukonzeratu kiyi wopanda tsiku lothera, womangiriridwa ku dzina la bizinesiyo osati ku makina, n'kumusungitsa pa fulashi mu envelopu yomata kwa loya kapena munthu wina amene mbali zonse zamuvomereza. Mgwirizano unene kuti envelopuyo idzatsekulidwa ngati wopanga pulogalamu wamwalira, wasiya ntchitoyi, kapena wakhala osayankha kwa masiku amene awiriwo agwirizana, kasitomala atayesa kulipira.